LUSO LA ANA A KU MPHUNZI NDI MBIRI YA THABWA LA MATEYALA

Nyengo yachilimwe ikafika, misewu yafumbi ya m'tsinde mwa phiri la Mphunzi ku Dedza imasanduka bwalo la ana. Anyamata amakankha njinga zamitengo kukwera nazo chitunda, natsika mwaliwiro, fumbi lili koboo m'mbuyo. Aang'ono amayendetsa magalimoto a mawaya okhala ndi mateyala a patapata zakutha. Bambo wodutsa ndi thumba la mbatatesi amangopukusa mutu, nati ana a masiku ano asowa chochita. Mphunzitsi naye akapeza galimoto yotere kuseri kwa kalasi amailanda naiponya m'dzenje la zinyalala. Kutero ndi kulakwa, ndipo mbiri ya masewera ena akutali otchedwa skateboard ikusonyeza chifukwa chake.

Skateboard ndi kathabwa kotalika pafupifupi masentimita 80, kokhala ndi timateyala tinayi pansi pake. Wokwera amaimapo chilili nadzikankha ndi phazi limodzi. Masewerawa adayamba m'zaka za m'ma 1950 ku California, m'dziko la America, pakati pa anyamata okonda kuyandama ndi matabwa pa mafunde a nyanja. Tsiku limene nyanja yachita bata, iwo ankakhomera timateyala tachitsulo kunsi kwa thabwa nasewera pamsewu. Luso lonse panthawiyo lidali kutsika chitunda osagwa, monga momwe achitira mwana wa ku Mphunzi lero.

Choyamba chimene chidasintha masewerawa ndi chipangizo. Mateyala akale adali ouma, ndipo akagunda kamwala ankaima mwadzidzidzi, wokwera nagwa chafufumimba. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, Frank Nasworthy adayamba kugulitsa mateyala a pulasitiki yofewa yotchedwa polyurethane, amene amagwira pansi bwino. Masewera amene adali atazilala adadzukanso, popeza tsopano munthu ankatha kukhota mwaliwiro osaterereka.

Chachiwiri chidali malo. M'zaka za 1976 ndi 1977 ku California kudagwa chilala, ndipo maiwe ambiri asimenti osambiramo pamakomo a anthu adatsala opanda madzi. Tony Alva ndi anzake adalowa m'maiwemo ndi matabwa awo, nayamba kukwera zipupa zokhota mpaka kutumphira m'malere pamwamba pa mlomo wa dziwe. Luso latsopanoli silidachokera kwa mphunzitsi aliyense. Lidabadwa chifukwa anyamata adaona bwalo pamene akulu ankaona dzenje louma.

Chachitatu, chimenenso chili chachikulu, ndi kupatsirana. Mu 1978 Alan Gelfand wa ku Florida adadziwika ndi kudumpha pamodzi ndi thabwa popanda kuligwira ndi manja, ndipo kadumphidweko kadatchedwa ollie potsata dzina limene anzake ankamuitanira. Mu 1982 Rodney Mullen adachita zomwezo pamalo athyathyathya. Iye ankamenyetsa pansi mchira wa thabwa ndi phazi lakumbuyo, phazi lakutsogolo likukwekwesa thabwalo kuti liwongoke m'malere. Posakhalitsa adawonjeza kulitembenuza thabwalo lisanatere, luso lotchedwa kickflip. Kuyambira pamenepo dziwe silidafunikenso. Masitepe, mabenchi ndi zitsulo zogwirira m'mbali mwa misewu ya m'tauni zidasanduka bwalo.

Luso likangoonekera kamodzi, a m'mbuyo amalitenga ngati poyambira. Mu 1999 ku San Francisco, Tony Hawk, ali ndi zaka 31, adazungulira kawiri ndi theka m'malere atalephera kambirimbiri usiku womwewo, ndipo anthu adazizwa. Mu 2020 Gui Khury, mnyamata wa ku Brazil wa zaka 11, adazungulira katatu. Mu 2024 Arisa Trew wa ku Australia adakhala woyamba mwa akazi kuchita luso la Hawk lija. Masewera amene apolisi ankathamangitsira ana m'misewu adalowa mu mpikisano wa Olympics ku Tokyo mu 2021, kumene Momiji Nishiya, mtsikana wa zaka 13, adalandira mendulo yagolide.

Wina anganene kuti izi ndi za kwa azungu, kumene kuli phula ndi ndalama. Komatu ku Kitintale, mumzinda wa Kampala ku Uganda, Jackson Mubiru ndi anzake adamanga bwalo lawo la skateboard ndi manja awo cha mu 2006. Ku Mongu m'dziko la Zambia nakonso kuli bwalo lotere. Ndipo ku Goma, kum'mawa kwa dziko la Congo, njinga yamtengo yotchedwa chukudu, yofanana ndithu ndi ya ana a ku Dedza, ndiyo imanyamula matumba a mbatatesi ndi makala kupita kumsika, nidyetsa mabanja ambiri.

Zinthu zitatu zija, chipangizo, malo ndi kupatsirana, zilipo ku Mphunzi. Mwana amene waona kuti teyala lamtengo limang'ambika msanga, nalikuta ndi mphira yodula ku teyala lakutha, wachita ntchito ya Nasworthy. Amene wakhomera chidutswa cha mphira chopondera kuti njinga iime, waphunzira yekha za kukhuzana kwa zinthu zimene mphunzitsi wa sayansi amalemba pabolodi. Amene wapeza njira yolumikizira chiwongolero kuti mateyala akutsogolo a galimoto ya mawaya akhote pamodzi, mawa lake anzake onse amutsanzira, ndipo wina awonjeza zitseko zotseguka kapena nyali yoyaka ndi batire lakutha la wailesi. Palibe buku limene lidawauza zimenezi.

Kusintha kotereku si kwachilendo m'dera lino. Phiri la Mphunzi lili m'gulu la malo 127 a zojambula za pamiyala a Chongoni, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. M'mapanga mwake muli zojambula zofiira za Akafula ndiponso zoyera za Achewa amene adadza pambuyo. Gule Wamkulu naye sadaime chilili: pambali pa Kasiyamaliro wakalekale padabwera Simoni ndi Maliya m'nthawi ya amishoni, ndiponso Galimoto pamene magalimoto adafika m'dziko muno. Makolo ankaona chatsopano, nachiumba mwa njira yawo. Mwana wopinda waya akuyenda m'mapazi awo.

Madandaulo a makolo ndi aphunzitsi sali opanda maziko. Ana amathyoka mikono, ndipo wotsetsereka kufupi ndi msewu waukulu wa M1 akusewera ndi imfa. Enanso amajomba kusukulu chifukwa cha masewera. Koma kulanda njinga sikuthetsa ngozi, kumangoisamutsira kumene maso a akulu safikako. Ngakhale ku America ngozi zidachepetsedwa ndi zisoti, zotchinga maondo ndi mabwalo opatulidwa, osati ndi chiletso. Kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo wowongola mtengo saudula.

Choopsa chenicheni chili kwina. Lero foni yam'manja imaonetsa mwana wa kumudzi luso la ku Tokyo tsiku lomwe lachitika. Ichi nchabwino ngati mwanayo aona nadzuka kukayesa ndi zimene ali nazo. Koma ngati angokhala pakhonde kuonerera, namanyoza njinga yake yamtengo kuti njachimidzi, ndiye kuti mbadwo wopanga zinthu wasanduka mbadwo woonerera. Dziko limene likusowa amisiri silingapirire kutaya kotere.

Motero aphunzitsi a m'sukulu za ku Mphunzi ndi kwina konse ayenera kutsegula khomo la kalasi kuti zopanga za ana zilowe. Galimoto ya mawaya iphunzitse muyeso ndi kuzungulira kwa teyala. Njinga yamtengo iphunzitse liwiro, mtunda ndi nthawi. Kamodzi pateremu pakhale chionetsero pamene wopanga aliyense afotokoze chimene wasintha ndi chifukwa chake, atsikana pamodzi ndi anyamata, pakuti mendulo za ku Tokyo zidasonyeza kuti luso silisankha. Mafumu ndi makomiti a sukulu apatule chitunda chimodzi chakutali ndi magalimoto kuti ana azitsikapo akulu akuona.

Achinyamata amene atsiriza sukulu nakhala pamudzi alinso ndi gawo lawo. Iwo ndiwo akudziwa kumene kupezeka waya, misomali ndi mateyala akutha, ndipo ena a iwo adayamba ukalipentala kapena kukonza njinga za kabaza kuchokera m'masewera omwewa. Aphunzitse ang'ono awo kamangidwe ka buleki yolimba, nawalole kuwaposa. Mullen adatenga luso la Gelfand naliwonjeza, ndipo mwana wa zaka 11 adapitirira pamene Hawk adalekezera. Mwana wa ku Mphunzi akusowa zomwezo: malo osewerera, womuonetsa choyamba, ndi munthu wamkulu amene sadzataya galimoto yake m'dzenje la zinyalala.