Ma rand kubanki kulibe, pamsewu ali mbwee

Mwezi watha ndimakonzekera ulendo wa pabasi wa ku Johannesburg. Ndinalowa mabanki atatu, pasipoti ndi tikiti zili m'manja, konse yankho limodzi: "Forex kulibe, mudzayesenso mawa." Potuluka, anyamata apamsewu akundikodola, matumba ali tho ndi ma rand, koma mtengo wake wolilitsa.

Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tinkayembekezera kuti forex ibwerera m'mabanki. Ili kuti?

Ine ndinagula pamsewu pomwepo, sindinama, ndipo anandidula R200 powerenga. Anzanga, zikakuvutani choncho, werengani nokha kawiri musanatulutse makwacha, ndalamazo muzigawe m'matumba osiyana. Koma akuluakulu atiyankhe: ndalama zosowa kubanki, anyamatawa akuzitenga kuti?