Bilimankhwe alibe makutu, alibenso mlandu

Mvula ikamapita kumapeto, cha mu Malichi kapena Epulo, anthu oyenda m'tinjira ta ku Ulongwe, Utale kapena Ntaja amakumana ndi bilimankhwe atatsika mumtengo, akukumba pansi. Ambiri amati ndi malodza, basi mwala uli m'manja. Ine ndimati ayi abale, ameneyo ndi mayi wapakati. Akukumba dzenje loti aikiremo mazira, kawirikawiri oposa 20, akwirire n'kumapita. Mazirawo amakhala m'nthaka miyezi yambiri, tiana n'kudzatuluka mvula ina itayamba. Mwala umodzi womwewo umatha banja lonse.

Bilimankhwe, yemwe ena amati nanzikambe kapena tonkhwetonkhwe, ndi wa mtundu wa abuluzi. Koma mukamuyang'anitsitsa gulo kapena nalimata muona kabowo ka khutu kumbuyo kwa diso. Bilimankhwe alibe kabowo kameneka. Amamva kugwedera kwa nthambi ndi mawu ena a besi, koma kukuwa kwa ana kapena hutala ya minibasi sizimufika bwino. N'chifukwa chake amadutsa pamsewu wa tala mwachifatse ngati ndi wa bambo ake, mpaka tayala kumupeza.

Zomwe anamanidwa kumakutu anapatsidwa kumaso. Diso lililonse limazungulira palokha, lina kutsogolo lina kumbuyo. Akaona chiwala, maso onse awiri amalunjika pamenepo, kenako amaponya lilime lomata, lotalika kuposa thupi lake. Chakudya chake ndi ziwala, ntchentche ndi tizilombo tina, kutanthauza kuti m'munda wa nandolo kapena kudimba amatigwirira ganyu yaulere. Kusintha mtundu nakonso si ufiti. Khungu limada akakwiya kapena akafuna kuwotha dzuwa m'mawa, ndipo usiku akagona limayera. Mukamugwira amatsegula kukamwa n'kumafwenthera, mwina kuluma kumene, koma poizoni alibe.

Nanga chidani chonsechi chinachokera kuti? Nthano ya makolo imati Chauta anatuma bilimankhwe kukauza anthu kuti akafa adzadzukanso. Iye anazengereza panjira, buluzi n'kumupitirira ndi uthenga woti imfa ndi yamuyaya. Nthanoyi ndi yabwino pophunzitsa ana kufulumira akatumidwa, koma si chiphaso chophera kanyama.

Dziko lathu lilinso ndi abale ake ang'onoang'ono, otalika ngati chala, amchira waufupi, ooneka ngati tsamba louma. Masana amayenda m'zinyalala zapansi m'nkhalango, usiku amakwera titchire kukagona. Mtundu wina uli kuphiri la Mulanje. Wina, wotalika pafupifupi masentimita 6, kwawo ndi ku Malawi Hills, boma la Nsanje. Colin Tilbury anaulemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1992. Ambiri ankaopa kuti unatha, mpaka ofufuza anaupezanso mu 2016, koma nkhalango yake yambiri inali itadulidwa kale.

Nkhani ya ku Nsanjeyi imandiopsa ndikaona matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu wa M3 pakati pa Liwonde ndi Machinga boma, pamphepete pa Liwonde Forest Reserve. Imandiopsanso ndikaona moto wosakira mbewa ukunyeketsa tchire ku Balaka chilimwe chilichonse. Mbalame imauluka, gwape amathawa, koma bilimankhwe ndi kayendedwe kake kaja amapsera panthambi pomwepo.

Ndiye makolo anzanga a mawa, ndi inu amene muli kale ndi ana, pempho langa ndi laling'ono. Mwana akakuitanani kuti wapeza bilimankhwe, musamutume mwala. Khalani naye pansi muwerenge zala za kanyamako, zitatu mbali ina, ziwiri mbali ina, ndipo mufunefune khutu limodzi ngati mulipeze. Akakhala pamsewu, muikireni kamtengo akwerepo, mukamusiye patchire la mbali yomwe amalowera. Akakhala akukumba, mulambalaleni amalize ntchito yake.