Kamera yanu imaona nyenyezi zingati?

Ogulitsa mafoni amakonda kutchula ma megapixel, koma ine kamera ndimaiyesa ndi Nsangwe, kagulu ka nyenyezi kamene azungu amati Pleiades. Maso abwino amawerengamo 6 kapena 7, pomwe zilimo zoposa 1,000. Chithunzi chikaonetsa zochepera zimene maso anu akuona, musalole wina akuuzeni kuti kamerayo ndi yausiku.

Kayesereni ku Senga Bay mu Novembala, usiku wopanda mwezi ndi mitambo. Nsangwe imatulukira chakum'mawa, pamwamba pa madzi, kumene kulibe magetsi a m'tauni. Vuto ndi limodzi: mdima womwewo ndi umene asodzi a usipa amaudikira, ndipo nyali zawo zimawala ndithu. Musawadandaule, ndiwo zathu zimachokera kumeneko. Ingodikirani Nsangwe ikwere.

Kamera ya pafoni ndi yomangirira pa telesikopu zimagwira ntchito mofanana. Zimasonkhanitsa kuwala ngati ndowa yotchera mvula, chinthu chimene diso silingathe. Choncho ikani foni pamwala, muitchinjirize kuti isagwedezeke, musankhe masekondi 10 pa Pro kapena Night, ndipo mugwiritse ntchito timer kuti chala chisaigunde. Mukapitirira masekondi 30 nyenyezi zimayamba kutalika ngati mpunga, chifukwa dziko likuzungulira. N'chifukwa chake akatswiri amajambula zithunzi zambiri n'kuziphatikiza pakompyuta.

Kutentha nako ndi mdani, ndipo inu mukudziwa mmene Salima amawotchera. Sensa ikatentha imatulutsa timadontho tabodza tooneka ngati nyenyezi. Tsekani diso la kamera ndi nsalu yakuda, mujambule masekondi 10 omwewo. Chilichonse chowala pamenepo ndi bodza la kamera yanu. Makamera a telesikopu odula amakhala ndi choziziritsira pa chifukwa chomwechi.

Nanga kamzere kowongoka kodula chithunzi chanu? Kameneko nthawi zambiri ndi satelayiti. Ilibe nyali, imangonyezimira ndi dzuwa, ndiye imaoneka bwino kukangoda kapena m'bandakucha. Ikamaphethira ndi ndege. International Space Station, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 400, imazungulira dziko m'mphindi 90 zokha, ndipo Heavens-Above kapena Stellarium ikuuzani nthawi imene idutse pa Salima. Kamera yabwino imaigwira ngati mzere umodzi woyera.

Timizere tambiri masiku ano ndi ta Starlink, yomwe inayamba kupereka intaneti m'Malawi mu 2023 ndipo nthawi imeneyo masatelayiti ake ambiri ankayenda pa makilomita ngati 550. Intanetiyo tikuifuna, sindikana. Koma ku Chile, kumene Vera C. Rubin Observatory ili ndi kamera ya ma megapixel 3,200, akatswiri akulimbana ndi mizere yomweyi, chifukwa nyenyezi yozilala imene mzere waidutsa pamwamba imasowa pachithunzicho.