Tiphunzile Cingelezi: Liu la "Shortage"

Liu la "shortage" litanthauza kupelewela: cinthu cilipo, koma sicikwanila onse ocifuna. Anthu a ku Livingstone analiphunzila ali pamzele. Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, dziko linasowa ndalama zogulila katundu kunja, ndipo m'masitolo a mu Mosi-oa-Tunya Road sopo, shuga ndi saladi zinayamba kuoneka mwa apo ndi apo. Wofika mbandakuca anagula. Wocedwa anabwelela cimanjamanja.

Polankhula amati "a shortage of sugar". Copelewelaco citsata "of". Koma mlimi amene m'nkhokwe mwake mulibe ndi citsononkho comwe, monga ambili pa cilala ca 2024, asalembele a boma kuti "shortage", pakuti iwo adzayesa kuti kacimanga kalipo ndithu. Alembe kuti "no maize".