MAPHUNZIRO OTETEZA ANTHU PA KAFUKUFUKU WA MANKHWALA

Anthu ambiri a kumidzi anaonapo alendo a kafukufuku atafika ndi galimoto, kudzapempha magazi ndi kudinditsa cala pa pepala. Koma kodi ndani amene amaonetsetsa kuti wodinda calayo wamvetsa cimene wabvomera?

Nchito imeneyi iri ndi maphunziro ace apamwamba, ochedwa bioethics pa Cingerezi. Amene amawacita ndi madokotala, anamwino, maloya ndi ena amene anatsiriza kale digiri yoyamba. Iwo amaphunzira kuweruza ngati kafukufuku ali wacilungamo: ngati munthu wauzidwa zoopsa zonse m'cinenero cace, ngati cinsinsi cace cidzasungidwa, ndiponso ngati ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa cithandizo ku cipatala.

Maphunzirowa anakula cifukwa ca zoipa zakale. Ku Tuskegee, m'dziko la America, amuna akuda 399 odwala cindoko anasiyidwa osacizidwa kucokera mu 1932 kufikira mu 1972, kuti akatswiri aone m'mene nthendayo imaonongera thupi. Anapitiriza kutero ngakhale mankhwala a penisilini atapezeka.

Dziko la Zambia nalonso linatengapo phunziro ku Mazabuka. Azimai a kumeneko anali m'gulu la azimai 9,385 a m'maiko anai a mu Africa amene anayesa mankhwala opaka, oti aletse kacirombo ka HIV. Mu 2009 zinadziwika kuti mankhwalawo sateteza. Ngakhale kuti sindiwo anadwalitsa munthu, mbiri yakuti ena mwa azimaiwo atenga kacirombo inautsa mkwiyo waukuru, ndipo ambiri anayamba kukayikira ofufuza.

Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la National Health Research Act, loyang'anira kafukufuku wa zaumoyo. Koma lamulo palokha silingawerenge pepala la wofufuza. Pafunika ana a dziko lino ophunzira bwino, odziwanso miyambo, monga ulemu umene anthu amapereka kwa mafumu ndi mantha amene ambiri ali nao pa nkhani ya magazi. Ndico cifukwa cace University of Zambia inagwirizana ndi Johns Hopkins University ya ku America pophunzitsa akatswiri otere.

Komabe mlonda woyamba ndi mwini thupi. Cilolezo ca mfumu kapena ca mwamuna wa pa nyumba sicilowa m'malo mwa cilolezo ca munthu mwini. Alendo a kafukufuku akafika, funsani cimene magazi anu akacite ndi kumene akupita, musanadinde cala. Paja safunsa anadya phula.