Kalata kwa Mkulu wa Ofesi ya NSO ku Zomba: funso la ndalama likubwerera opanda yankho

Olemekezeka,

Ndikulemba kuchokera ku Ntcheu. Kuyambira 1997 ofesi yanu yakhala ikutumiza anthu m'makomo kudzachita kafukufuku wa IHS, ndipo boma limadalira zotsatira zake poyeza umphawi. Mafunso a chakudya, denga ndi sukulu anthu amayankha bwino. Akafika pa ndalama mumamva kuti "sindikukumbuka", kapena mutu wa banja amatchula kandalama kongothamangitsira mlendo.

Anthuwa sakuchita mwano. Kuno munthu wonyamula tabuleti akafika pakhomo, mudzi wonse umaganiza kuti akulemba maina a Mtukula Pakhomo kapena a feteleza wotsika mtengo. Ndani angaulule kuti wagulitsa matumba a mbatatesi ku Tsangano, akuopa kuti achotsedwa pa mndandanda? Wogulitsa tomato pa Lizulu amaopa msonkho. Mayi amene mwana wake amatumiza ndalama kuchokera ku Joni sanganene pakhonde, anansi atazungulira, chifukwa mawa lake kubwera obwereka, ndipo nsanje ya kumudzi timaidziwa tonse. Lamulo la za ziwerengero la 2013 limateteza chinsinsi cha woyankha, koma lamulolo silinafike m'makutu mwa anthu. Pemphani amfumu alengeze ofunsa asanabwere kuti kalemberayu si wa thandizo, si wa msonkho wa MRA.

Kafunsidwe nakonso kakonzedwe. Mlimi wa kuno salandira malipiro a pamwezi. Ndalama imabwera pokolola, pa ganyu, pogawana za banki m'khonde, ndipo kumalire ina imabwera m'mametikali. Mufunseni madengu, ndowa ndi matumba amene anagulitsa, nyengo ndi nyengo, kuwerengetsako muchite ndinu. Kwacha itagwa mu Novembala 2023 mitengo inasintha kwambiri moti kukumbuka ndalama za miyezi yapitayo n'kovuta, koma matumba munthu saiwala. Wokana kutchula nambala yeniyeni mpatseni magulu a ndalama asankhepo limodzi; yankho loyandikira likuposa mpata wopanda kanthu.

Chinanso, kuno ambiri ndi achikamwini, munda ndi wa mayi. Kufunsa bambo yekha n'kulakwitsa khomo. Aliyense afunsidwe payekha, pambali, ndipo kukhale ofunsa achizimayi okwanira.

Mukamaliza, bwerani nazo zotsatira ku khonsolo ndi kwa mafumu athu m'Chichewa, anthu aone kumene mayankho awo anapita.

Ine wanu,
Mlimi wa ku Ntcheu