Dzina lokha silimuveka mwana juzi

Anzanga, tandiyankhani. Mayi wa ku Bembeke wagulitsa kachewere, wakwera minibasi mpaka ku Lilongwe ndi mwana wake, wabwerako ndi liwu limodzi m'buku la kuchipatala: autism. Ndiye basi?

Musandimve molakwa. Dzinalo n'lofunika, limatseka pakamwa onena kuti mwana analodzedwa kapena bambo ake anakhwimira. Koma silimuuza mayi chochita mawa kukacha.

Kodi mwanayu amadya yekha nsima? Akafuna kuchimbudzi amasonyeza? Mu Juni, chisanu cha Dedza chikaluma, amalola juzi kapena amaivula poti imamuyabwa? Nanga mbaula ndi msewu wa M1 amaziopa?

Ana a autism safanana ayi. Wina amawerenga koma phokoso la m'kalasi limamuthawitsa. Wina salankhula koma madzi amatunga bwinobwino.

Tisanamizire umphawi. Mu 2010 ofufuza anatulutsa MDAT, njira yoyezera kakulidwe ka ana aang'ono yokonzedwa kuno kwathu konkuno. Ndiye mafunso awa atikanike?

Inuyo mukaperekeza mwana kuchipatala, musangolandira dzina. Pemphani alembenso zomwe amatha ndi zomwe zikumuvuta, kuti aphunzitsi ndi agogo ake adziwe poyambira.